Zimbale za Chizuru Ndinazigula Lolemba

Noheji,
21 Novembala 1996

Okondedwa achemwali anga a Sakae,

Ndikhulupirira mawondo aja akusiyaniko pang'ono. Mbatata munatumiza zija zinafika bwino, ziwiri zokha ndi zomwe zinali ndi mabala, ndipo ndinayambira zomwezo. Kuno chipale chofewa chayamba msanga, moti madzi otsukira nkhono za m'nyanja ku shedi komwe ndimagwira ntchito akuluma zala. Pepani ndi kalembedwe kokhotaka, mukudziwa kuti sukulu ndinaisiya panjira.

Munafunsa za mwana wanga Chizuru. Nyimbo yake yatsopano, ya Doko la Mphepo, inatuluka Lachitatu loyamba la mwezi uno. A kampani yake ku Tokyo anali atamuuza poyera kuti chimbale chimenechi chikapanda kulowa pa mndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri, mgwirizano wawo watha. Mwana uja wakhala akuimba m'makonde a masitolo chichokereni pakhomo pano, ndipo zaka sizikumudikira.

Ine ndinayenda khomo ndi khomo, ku shedi, mpaka kwa asodzi kudoko, kupempha anthu kuti agule chimbalecho. Kinu, mnzanga wa kuntchito uja, anati, "Iwe Tomie, ine choimbira chimbale ndilibe, ndizidzachizunguza ndi chala?" Koma anapereka za ziwiri. Mdala Ebina anati, "Akatchuka adzandiimbire pamaliro anga, ndalipiriratu." Tauni yonse inasonkha, ndipo anati ndikagule ndine zonse pamodzi kusitolo ya a Narita. Amati Tomie salakwitsa kanthu.

Achemwali, mukudziwa mmene amayi anatilerera, kuti chinthu chachikulu sichiyambidwa osayang'ana pa kalendala. Lachitatu lija linali tsiku loipa. Tsiku lamwayi, la taian, linali Lolemba lotsatira. Loweruka a Narita anandiimbira foni. "Mayi, makatoni anu anditsekera njira, mubwera liti?" Ndinati, "Asungeni, zinthu za mwana sizigulidwa tsiku lachisawawa." Anaseka, amvekere, "Inu ndi kalendala yanuyo mudzakwatirana." Iwonso ndi munthu wogulitsa mawailesi ndi mabatire, sanaganize kanthu.

Lolemba ndinavala zovala zabwino, ndinalipira, chimbale chimodzi ndinachiika pa kaguwa ka malemu bambo ake, zotsala ndinagawira eni ake popanda kusokoneza ngakhale chimodzi. Ndinagona mtima uli m'malo.

Lachisanu Chizuru anaimba foni. "Amayi, sizinatheke." Anandifotokozera kuti chimene a kampani amayang'ana ndi sabata yoyamba yokha, ndipo kuwerenga kumatsekedwa Lamulungu. Kukacha Lolemba kumabwera nyimbo za ena, zako nkukhala zakale. Anapereweza pang'ono chabe. Atatchula zimene zinaperewera, ndinaona kuti makatoni anga aja akanakwanira, nkutsalako.

Kenako anati, "Abwana andionetsa kuti ku Noheji sikunagulidwe ngakhale chimodzi sabata imeneyo. Amayi, ndi kwathu komwe? Anthu aja ndinawalakwira chiyani?" Sanalire, ndipo bola akanalira. Ine ndinangoti, "Koma ukudya bwino?" Anati, "Ndikudya," nkudula.

Chipinda chake cha ku Tokyo ndi cha kampani, ndiye amuuza kuti atuluke. Akubwera Loweruka pa sitima ya masana. Wandiuza kuti ndikamuchingamire ndekha, sakufuna kuona nkhope ya munthu aliyense wa kuno. Pamene kuno anthu sakudziwa kanthu. Ku shedi nyimbo ija ikulira kuyambira m'mawa, azimayi aiphunzira yonse, ndipo agwirizana kukamuimbira kusiteshoni. Dzulo Kinu anandigunda ndi chigongono, akuti, "Mayi wa katswiri, lero watupa nkhope bwanji? Wayamba kale kutinyadira?" Ndinaseka nawo, nkupitiriza kutsuka nkhono.

Akakawaona akuimba adzayesa akumunyoza. Ndikawaletsa, adzakhala moyo wake wonse akuganiza kuti kwawo kunamutaya. Chotsala nchoti adziwe kuti anthu anamukonda, wamugwetsa ndi mayi wake. Sindikudziwa ngati adzafuna kukhala nane m'nyumba imodzi akamva. Mwina mudzamulandira kwanuko ku Kagoshima kwa kanthawi, ndikupemphani zimenezo. Amakonda tiyi wosawawa kwambiri, ndipo pakhosi pake sipafuna mphepo.

Lero m'mawa ndinadzipeza nditaima pa kalendala, chala chikufufuza tsiku labwino lomuuzira. Loweruka ndi tsiku loipa. Ndimuuza Loweruka lomwelo, akangotsika, Kinu asanatsegule pakamwa. Kalatayi ikamakufikani zidzakhala zitachitika, choncho musavutike kundilangiza.

Mupereke moni kwa alamu anga ndi ana onse. Chimbale chanu chili m'phukusi lomweli, ndachikulunga m'thaulo kuti chisasweke. Muchimvere mpaka kumapeto, achemwali. Mwanayu amaimba bwino zedi, sikuti ndikunena poti ndi wanga. Ndime yomaliza imanena za mayi amene amadikira padoko ndipo sanachedwepo ndi kamodzi komwe. Ine ndikafika pamenepo ndimatuluka panja kukatsuka mabeseni.

Ndine mng'ono wanu,
Tomie