Maola Awiri Kuchokera ku Joni

Lolemba, 7 Okutobala

Bambo sakudya. Phala masupuni awiri basi. Akungofunsa za achimwene Abasi, amene ali ku Joni chaka chachisanu tsopano. Ndawauza kuti pa ndege, Joni ndi Lilongwe ndi maola awiri. Mukatereka nyemba, Abasi afika zisanapse. Aseka mpaka kutsokomola.

Madzulo Abasi aimba foni, akuti akwera basi mawa. Ndawaseka. Basi ndi ya anthu onyamula mafiriji! Masiku awiri pamsewu, miyendo kutupa ngati maungu. Ndati adikire ndege ya Lachisanu, adzawapeza Bambo ali pakhonde. Andimvera.

Mlongo wanga Saida akuti ndimayankhula ngati ndinabadwira mu ndege. Nsanje. Pa kabaza wanga ndatula anthu chikwi ku eyapoti, ndege ndimaidziwa ndi fungo lomwe.

Lachitatu, 9 Okutobala

Lero ndi madzi okha. Bambo andigwira dzanja, akuti, "Mwamadi, nyemba zija sizinapse?" Ndati nkhuni ndi zaziwisi. Sanaseke.

Lachisanu, 11 Okutobala, m'mawa

Bambo atisiya m'bandakucha.

Shehe akuti tiika ikangotha swala ya masana, pemphero la ku mzikiti. Maliro athu sagona. Ndagwada pamaso pa anthu onse a kwathu kuno ku Mtsiliza, ine amene sindigwadira ngakhale wapolisi wa pamsewu. Ndapempha kuti adikire mpaka swala yotsatira, mwana woyamba ali m'mwamba pa ndege, maola awiri okha. Shehe andifunsa: "Awiri a pakamwa pako, kapena a pa wotchi?" Alola. Koma akuti dzuwa likapendeka sadikiranso munthu.

Lachisanu lomweli, ku eyapoti

Ndege ya lero ikuyamba yatera ku Blantyre. Ku Blantyre! Palibe anandiuza. Maola awiri anga abereka ana.

Saida waimba kasanu. Bambo awasambitsa kale, awakulunga m'sanda. Chinthu chilichonse chouluka ndikuimirira, ngakhale khwangwala.

Waimbanso. Anyamuka ulendo wa kumanda.

Loweruka, 12 Okutobala

Dzulo Abasi atangotuluka mu eyapoti ndinawakoka dzanja mpaka pa kabaza. Chikwama tinamusiyira Mackson wa takisi. Mmene ndinathamangira dzulo, ndege ikanandiona ikanachita manyazi. Abasi kumbuyo kungopemphera.

Kumanda tinapeza anthu atakhala pansi, chete, dzuwa litafiira. Dzenje lokwiriridwa theka. Fosholo ili m'manja mwa Shehe, akukana kupatsa aliyense. Abasi anagwada, naponya dothi katatu ndi dzanja lawo. Nkhope ya Bambo sanaione.

Onse akunditama. Akuti pa njinga Mwamadi ndi chiwanda. Masiku ena ndikanawonjezera mchere.

Lero tikumwa tiyi, Abasi afunsa mofatsa, osandiyang'ana: "Kodi basi ya Lachiwiri ija inafika liti?"

Ndinali nditafunsa kale ku depoti. Lachinayi madzulo. Nthawi imeneyo Bambo anali akutsegulabe maso chitseko chikalira.

Ndati ndikafunsa. Akudikirabe pakhonde.