Nsabwe mu Khobwe Wanga

Lachisanu, ku Lungwena. Kwatentha, ndipo mtima sunakhazikike.

Nsabwe zadzaza nsonga za khobwe wanga. Che Saidi, amene munda wawo unagundana ndi wanga, anabwera ndi mankhwala atachoka ku mzikiti. Ndinakana kupopera. Ndinawaonetsa tizikumbu tofiira ta madontho akuda tikudya nsabwezo. Mankhwala akanayamba kupha tomweto.

"Aphunzitsi, mwayamba kuweta nsabwe ngati mbuzi? Zikadutsa malire ndidzazimanga, mudzaziwombole," anatero Che Saidi.

Tinaseka, koma khobwe wawo ndiye ndiwo za ana awo, pamene ine ndili pa ntchito. Mabuku sanama, tizikumbuto timagonjetsa nsabwe. Sanena ngati timatero za mnzako zisanawonongeke. Ndawaza madzi a sopo m'mizere ya m'malire mokha. Masamba awo akayamba kufota, ndipopera ndekha mankhwala aja, ngakhale tizikumbu tanga tifere momwemo...