Womudzutsa Kalisto

Lachiwiri, 8 Malichi 1983

Kutentha koopsa, mutu waukulu. Sewero loimba la Pasaka landizunguza. Nkhani yake: mwana wolowerera abwerera kwawo, agwada, bambo ake amudzutsa, kwaya iimba za chifundo cha Mulungu. A Petulo, mkulu wa mpingo, avomera kukhala bambo. Mwana ndiye palibe. Anyamata a m'kwaya yangayi mawu ngati achule a mu Shire.

Lamulungu, 13 Malichi

Kalisto wabwera ku Misa. Mphunzitsi mnzathu uja anatengedwa chifukwa cholankhula zandale pa bawo. Amutulutsa kundende mwezi watha. Kuwonda, mano akutsogolo kulibe. Benchi yonse yekhayekha. Anthu ngakhale moni akuopa kumupatsa, a chipani angawaone. Koma atayamba kuimba, ine manja lende, kuiwala kuti ndikutsogolera kwaya. Ndamupempha akhale mwana uja. Wangoti, "Agatha, mwaganiza bwino?" Sindinaganize n'komwe.

Lachinayi, 24 Malichi

Poyeserera zonse myaa, poti chitseko chimakhala chotseka. A Petulo amamukumbatira mpaka misozi. Malita wa m'kwaya wanditsina kumsika ndikusankha utaka: "Aphunzitsi, ntchito yakukwanani kapena?" Ndamukalipira. Kufika kunyumba, chakudya osalowa. Ndikuopa, ndisadzinamize.

Lamulungu la Pasaka, 3 Epulo

Tchalitchi chodzaza, ena m'mawindo. A tcheyamani a chipani pampando wakutsogolo, osaitanidwa. Kalisto anagwada, akuimba zopempha chikhululuko. A Petulo anayang'ana a tcheyamani, basi manja kumbuyo. Kwaya inabwereza kolasi, kubwerezanso, ng'oma osasiya. Munthu chigwadire pasimenti, manja m'mwamba, thukuta kamukamu. Ndinasiya kwaya, ndinapita kukamudzutsa ndekha, n'kumukumbatira pamaso pa onse. Wowomba m'manja panalibe. Iye anangondinong'oneza, "Mlongo, mwadziputira."

Lachiwiri, 5 Epulo

A Petulo andilambalala pamsewu ngati sandidziwa. A hedimasitala akuti dzulo kunabwera anthu, kufunsa dzina langa lonse ndi mudzi wakwathu. Ana anga ndawakweza basi, apite kwa achemwali ku Monkey Bay. Wamng'ono amalira, ine kumuseka dala. Ndachapa, ndasita, ndasesa posesa kale. Kukhala pansi kukukanika. Mantha alipo, koma kudandaula ayi. Akanagwada mpaka liti munthu uja?

Panja paima galimoto. Si ya parishi, ya parishi ndimaidziwa kulira kwake. Akufunsa nyumba ya