Wayifayi ya Alendo

Lachinayi, pa 12 Juni

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga. Musadabwe kuti ndasankha pepala pamene foni ili pambali pangapa. Pafoni mumayankhula nokha, ine n'kumangoti "eya, eya" mpaka mutatsanzika. Pepala simungalidule mawu, choncho khalani pansi muwerenge mpaka kumapeto.

Mwendo ukupola, kungoti chikhakha chikuyabwa koopsa. Za makwerero aja ndamva zokwanira. Inde, ndinakwera ndekha kukapachika chinsalu chojambulirapo anthu, ndipo ndinagwa. Chinsalu chimenecho ndakhala ndikupachika ndekha chimwalirireni bambo a ana, ndiye kugwa kamodzi kokha musakutche ukalamba.

Ndamva zomwe munapangana ndi mwana wanga, make mapasa, pamodzi ndi mkamwini wanga dalaivala uja. Akuti chipinda chojambulira chitsekedwe, kompyuta ndi nyale zigulitsidwe, ine mundinyamule ndidzakhale kwanu m'chipinda chakumbuyo, ndizidzawerenga maluwa a pakatani. Palibe anandiuza. Makoma a nyumba ino ndi opyapyala, ndipo chinathyoka ndi mwendo, osati makutu. Ndinamvanso kuti wogula abwera Loweruka kudzaona katundu.

Sindinakalipe. Ndinangoti chamumtima, awa ndiwaonetsa. Aphunzitsi aakulu a sukulu yamkaka yakuseri kwathuku ankadikira zithunzi za ana omaliza, zoti agawire makolo asanatsekere. Ndinazijambula ndisanagwe, ndipo zinali mukompyuta. Kuti ufike kuchipinda chojambulira umatsika masitepe, zomwe adokotala andiletsa. Koma chomwe inu simudziwa n'chakuti foda ya zithunzi ine ndimaitsegula pafoni kudzera pa wayifayi ya m'nyumba muno. Ndimasankha, kukonza kuwala, n'kutumiza ku pulinta ndili khale pakhonde. Ndinati ndichita zomwezo ndili chigonere, zithunzi zikatuluka aliyense asowa chonena.

Foni inakana. Mauthenga ankalowa, nyimbo zinkalira, ngakhale mavidiyo a maphikidwe omwe alamu amanditumizira ankatseguka bwinobwino. Koma ndikati ndilowe mufoda, kankangozungulira kanthu kaja, kenako n'kundiuza kuti kompyuta sikupezeka. Kompyuta yangayanga, yomwe ndikatsokomola kuno imamva!

Make mapasa ndinamusandutsa miyendo yanga. Ndinamutuma akaone ngati kompyuta yagona, anaipeza ili maso. Ndinati aizimitse n'kuiyatsanso. Ndinati azule kabokosi ka wayifayi pakhoma, adikire pang'ono, akabwezeretse. Ndinaganiza kuti mwina manambala a adiresi ya kompyuta asintha, poti amatero nthawi zina, ndiye anakawakopera padzanja n'kubwera kudzandionetsa. Ndinawalemba mosamala ngati ndikulowetsa ulusi pasingano, koma ayi ndithu. Ndinamuuza pogwira kuti aone ngati foda ikadali yogawana, anati ili momwe ndinaisiyira. Pofika tsiku lachitatu mwanayo ankabwera akukoka mapazi, tsinya lili pamphumi, ndipo sindikumuda.

Mkamwini anatenga foni yanga, kuitembenuza uku ndi uku, n'kundibwezera ndi manja awiri. Mwana waulemu ameneyu, ndipo ulemu wakewo ndi umene unandipweteka.

"Amayi," anatero motsitsa mawu, "mwina mwangoiwala pang'ono momwe munkachitira. Mankhwala ogonetsa aja amatero. Musadzivutitse, pumulani."

Achimwene, apa ndikuuzani zomwe sindinauze munthu. Ndinamukhulupirira. Ndinayang'ana kudenga n'kuyamba kudzifunsa ngati mutu wanga ukugwiradi. Ndinayesa kutchula mayina a ana onse a pasukulu paja, awiri n'kundithawa. Ndinalira mwakachetechete kuti asamve. Ndinafika posankha m'maganizo madiresi oti ndilongedze pobwera kwanu. Mukanaimba foni masana amenewo, bwenzi nditavomera zonse.

Anandipulumutsa ndi mayi wa mafizo, amene amabwera kudzandiongola mwendo, ngakhale iye sakudziwa. Mayiyu wakhala akundinyengerera kuti ndiimirire ndi ndodo, ine n'kumazemba, lero chizungulire, mawa mutu. Zoona zake ndinkaopa kugwanso. Dzulo anafuna kundionetsa kavidiyo ka kayendedwe ka ndodo, ndiye anapempha wayifayi. Make mapasa anamuuza pasiwedi, dzina la galu wathu basi. Ndinadzidzimuka, chifukwa ndi yomweyo imene mkamwini anandibwerezera kangapo tsiku lomwe ndinatuluka m'chipatala, kuti ndisaiwale. Pasiwedi ya nyumba ino sinakhalepo yaifupi choncho.

Ndinati make mapasa andipatse foni yake. Ndinaziika pamodzi pabulangete, yake ndi yanga. Mayina a wayifayi anali osiyana. Langa linali ndi mawu owonjezera kumapeto, akuti "Alendo". Masiku onsewo ndinkaona timizere todzadza pamwamba pa foni n'kumati zili bwino, osayang'ana dzina.

Apa m'pamene zinaululika. Kabokosi kakale kanapsa ine ndili m'chipatala, mkamwini n'kugula katsopano. Anakonza njira ziwiri, ina ya eni nyumba, komwe kuli kompyuta ndi pulinta, ina ya anthu odzazonda matenda. Mayi wa mafizo anati kwawonso anatero, poti wa njira ya alendo amangopeza intaneti, za m'nyumbamo saziona. Foni yanga mkamwini anaiika kumeneko.

Ndinamuimbira ali paulendo. Sanakane. Anati pasiwedi yeniyeniyo ndi yaitali, manambala ndi zilembo zosakanikirana, ndiye anafuna kundipepuzira. Anati ndidikire, akabwera Lachisanu madzulo adzandilowetsera yekha. Ndinathokoza mwaulemu n'kudula foni. Koma ndinapsa mtima. Nyumba ino ndinamanga ndi kamera, njerwa iliyonse ndi nkhope ya munthu amene ndinamujambula, lero ndikhalemo ngati wodzacheza? Ndipo palibe anachita mwankhanza, onse ankandikonda. Inunso mumandikonda chimodzimodzi, Achimwene, ndipo n'chifukwa chake ndikukulemberani.

Ndinkadziwa kuti pasiwedi amailemba kunsi kwa kabokosi, chifukwa kakale kanali choncho. Kabokosiko kali pamwamba pa kabati pabalaza. Ndinauza mayi wa mafizo kuti andipatse ndodo zija. Make mapasa anadumpha.

"Amayi, khalani pansi, ndikakuonerani ine."

"Wandionera zokwanira mwana wanga," ndinatero. "Tsegula chitseko."

Sindikunamizani kuti ndinayenda ngati msilikali. Thukuta linatsika mpaka m'chikhakha, m'khwapa munkawotcha, ndipo pakati pa njira ndinatsamira khoma n'kutukwana mawu omwe simunandiphunzitse inu. Mayi wa mafizo ankabwera pambuyo manja ali tambasu, osandigwira. Nditafika pakabati ndinapeza kuti sindingatsitse kabokosi ndodo zili m'manja. Ndinakapendeketsa ndi chala, n'kulowetsa foni kunsi kwake, n'kujambula. Chithunzi choyamba chinatuluka chosaoneka bwino poti dzanja linkagwedera. Ndinapuma, n'kugwira mpweya monga ndimachitira pojambula mwana wosakhazikika. Chachiwiri chinatuluka chakuthwa, chilembo chilichonse poyera.

Ndinakhala pampando wa pabalaza n'kulemba pasiwedi ija, ndipo ndinalakwitsa kamodzi kokha. Foda inatseguka. Tinkhope ta ana tinadzadza pafoni, tizisoti tawo titapendama, wina akulira, wina chala chili m'mphuno. Mayina awiri anandithawa aja anabwera okha nditangowaona. Ndinasankha, kukonza, n'kutumiza. Kenaka tonse atatu tinamva pulinta ikudzuka kuchipinda chojambulira, ikukoka pepala ndi kaphokoso kake kaja. Make mapasa anagwira pakamwa, misozi ili mbwembwembwe, ndipo anapita yekha kukatenga zithunzizo osatumidwa.

Aphunzitsi aakulu abwera kudzazitenga m'mawa uno. Asiyanso uthenga woti mchemwali wawo akufuna wojambula pa chinkhoswe cha mwana wake miyezi ikubwerayi, ndipo ndavomera. Ndikapita ndi ndodo ngati kuli kofunika, mpando akandipatsa konko.

Tsono mvetsetsani. Sindikubwera. Kompyuta sikugulitsidwa, nyale sizikugulitsidwa. Wogula wa Loweruka ndimulandira ndekha pabalaza, amwe tiyi, ndipo akafuna ndimujambula chithunzi cha chiphaso asanabwerere. Sindikunena kuti sindidzakalamba. Dzanja lamanjali limanjenjemera m'mawa, ndipo ichi ndauza inu nokha. Tsiku lomwe lidzakanike kugwira kamera ndidzanena ndi pakamwa panga, ndipo mudzakhala oyamba kumva. Koma tsikulo mudzalimva kwa ine, osati ine kulimvera kuseri kwa khoma.

Mkamwini musamukalipire. Akabwera mawa ndimupempha andimangire chogwirira pamasitepe, ndipo makwerero ndamusiyira iye, apo ndagonja. Wayifayi ya alendo ndati isachotsedwe, ili ndi ntchito yake.

Mundiperekere moni kwa alamu anga. Muwauze kuti ndamva zoti anachapa kale makatani ndi kuyala bedi m'chipinda chija, ndipo zandikhudza mtima kwambiri. Asavutike, aikemo makina awo osokera, akhala akudandaula za malo kuyambira kale. Moni kwa ana onse ndi zidzukulu. Make mapasa akupereka moni, akuti musamufunse kanthu.

Inuyo ndakusowani, Achimwene. Papita zaka ndisanakujambuleni, ndipo chithunzi chanu chomwe chili pakhoma pano mukadali ndi tsitsi. M'malo monditumizira galimoto yodzanditenga, kwerani nokha mubwere. Bedi lilipo, chinsalu chili chopachika kale. Mukafika mudzandipatse foni yanu, ndidzakulowetserani ndekha pasiwedi yaitali ija.

Ndine mlongo wanu wosamva uja,
Wojambula