Mayina a m'kaundula wa ku Mlombwa

Lachinayi, 16 Novembala 2017

Ezelina 10:12
malume pepani ndabweranso. a head akufuna mbiri ya sukulu ifike kwa printer lero, open day ndi loweruka. ndakuikani mu group limodzi ndi Feggie, matron wa pa basi ya ana

Feggie 10:13
mwadzuka bwanji a malume 🙏

Yobu 10:31
Ndadzuka. Ndili pa mzere wa feteleza wa makuponi ku Chulu. Funsa

Ezelina 10:33
ndalemba kuti Mlombwa International inatsegulidwa 2007, english ndi french, ana 14. kale inali esiteti ya fodya, inu munali kapitawo. makalasi a ana aang'ono anali zigafa. zili bho?

Yobu 10:50
Zili bwino

Ezelina 10:51
nanga hostel anamanga bwanji osaigwiritsa ntchito? mpaka lero 3:30 aliyense kunja kwa geti, ngakhale ife aphunzitsi

Feggie 10:52
kkk funsadi. azungu kuopa dzuwa kulowa

Yobu 11:20
Ana anagonamo sabata imodzi. Zimenezo usalembe

Ezelina 11:22
ok. china, Nthanda wanga akumabwera kunyumba akuimba nyimbo zachilendo. si french si chichewa. akuti amamuphunzitsa mnzake wa ku chigafa chakumapeto

Feggie 11:23
ndinamumva mu basi. chilomwe chimenecho, amayi anga amayankhula

Ezelina 11:24
mkalasi mwake mulibe mlomwe Feggie, ndine class teacher

Ezelina 11:40
malume?

Ezelina 13:05
ndanyamuka, ndikupita ku boma kwa printer. Feggie plz Nthanda akwere nawe, umutsitse pa filling station ngati kale

Feggie 13:06
osadandaula

Ezelina 13:09
malume ndaiwala kukuuzani, tapeza kaundula wanu wa matenanti mu store. handwriting yanu yokongola bwanji. lero mmawa pa rehearsal ana awerenga mayina onse, makolo akasangalala loweruka

Yobu 13:11
Awerenga mokweza?

Ezelina 13:12
eya pa mic, pa car park poima basi paja

Yobu 13:12
Ndi omwe ali ndi kamtanda?

Ezelina 13:13
onse. kamtanda si kuti anamaliza contract?

Yobu 13:19
🎤 uthenga wa mawu 1:04
Ezelina mwana wa mlongo wanga, tamvera. Matenanti tinkawatenga pa lole ku Phalombe, fodya akagulitsidwa tinkawabweza. Amene wamwalira kuno tinkamuika kuseri kwa chigafa chakumapeto, ine n'kulemba kamtanda. Tsiku lobwerera ndinkaima pa lole n'kuitana aliyense, amoyo ndi a kamtanda omwe, kuti nawonso akwere apite kwawo. Chaka chotseka esiteti kunali mkangano, dalaivala anangoliza lole. Sindinaitane. Panatsala wa kamtanda mmodzi, mwana wa zaka zisanu. Ndakhala nazo pamtima mpaka lero.

Ezelina 13:26
malume mukundiopseza masana ano

Yobu 13:27
Basi isanyamuke lero. Makolo abwere okha

Feggie 13:30
a malume ana 24 amenewo, ena makolo awo ali ku ntchito ku chipatala, ena ku DC. a head angandichotse ntchito

Ezelina 13:31
zisiye Feggie. malume tikambirana weekend, ndibwera ndi buledi

Yobu 13:33
Ndachoka pa mzere. Ndikufuna njinga

Feggie 15:14
tanyamuka. mitu 24, mipando yonse full 👍

Ezelina 15:15
tnx. ndili pa filling

Ezelina 15:52
mwafika pati

Ezelina 15:58
Feggie basi yandidutsa osaima bwanji

Feggie 16:01
Eze

Feggie 16:01
Nthanda sali nawe?

Ezelina 16:02
ali nane bwanji ndinakusiyira iwe

Feggie 16:04
🎤 uthenga wa mawu 0:22
Ndinawerenga kawiri, Mulungu akundiona. Pampando wake panali mwana, mutu wagoneka pa windo, ndimati wagona. Atsika 23, pofika pa filling munalibenso mwana. Ndayang'ana mpaka pansi pa mipando, mulibe munthu. Pampandopo pakununkha fodya.

Ezelina 16:05
ndakwera njinga yamoto ndikubwerera ku sukulu

Feggie 16:06
ndiye amene ndamunyamula ndi ndani

Yobu 16:20
Pa esiteti malo a tenanti sankakhala opanda munthu. Wina akachoka pankatsala wina. Fulumira

Ezelina 16:41
ndamupeza

Ezelina 16:41
wakhala pa khonde la chigafa, sanavulale

Feggie 16:42
ambuye zikomo 😭

Ezelina 16:44
nsapato wavula waziika patali. akuyang'ana ku msewu

Ezelina 16:46
ndikumuitana sakutembenuka. ndamugwira dzanja walichotsa ngati sakundidziwa

Ezelina 16:47
malume nditani, ndi mwana wanga yekhayu

Ezelina 16:50
malume ndikuona mwawerenga

Ezelina 16:53
mwana munamusiya uja dzina lake anali ndani

Yobu 16:58
Maliya

Feggie 16:58
Eze usayese kumuitana nalo

Ezelina 17:00
watembenuka