Chikwangwani cha pa Khola la Anyani

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Machinjiri tilipo, kungoti miyendo ya amayi yayambanso kutupa.

Musadzidzimuke, mwana wanu Tadala analumidwa dzanja ndi nyani pa ulendo wa sukulu kumalo osungira nyama kuja. Anamusoka, ndipo kukabayitsa jakisoni wa chiwewe ndikumuperekeza ndekha.

Amanijala akumeneko akuti olakwa ndi madamu amene amaphunzitsa Tadala, poti analola ana kudyetsa nyama pomwe chikwangwani chimaletsa. Ahedi akufuna kuwaimitsa ntchito, akungodikira mawu anu monga kholo.

Ine mtima sunakhazikike, ndiye kutacha ndinapita kumalo osungira nyamako. Chikwangwanicho chilipodi, koma nditachikhudza, chala changa chinabwerako ndi penti. Pageti mayi wina ankaitanira, “Mtedza wa anyani uwu bwana, aguleni ana akadyetse!” Nditafunsa mlonda, anayang'ana kumbali n'kunong'ona, “Bwana, musandichotsetse ntchito. Amenewo ndi akazi a amanijala.”

Chonde, ahedi akakuimbirani musavomere chilichonse musanalankhule nane. Madamuwo anang'amba chitenje chawo kumanga bala la mwana wanu, asavutikire mtedza wa eni ake.

Ambuye akusungeni kumeneko.

Ine mng'ono wanu,
Chikondi