Mphukira Zimene Ndinasiya

9 Okutobala
Dzuwa ngati lachita kutumidwa. Chitsime chatsika, ndowa ikubwera ndi matope. Mbande za malalanje zokha ndiye zikundipatsa mtima. Bambo a ana anazimezanitsa okha pa timitengo ta mandimu sitiroko isanawagwetse. Pano ali pampando pakhonde, mkono wamanja uli lende, mawu osatuluka. Munthu amene ankacheza ngakhale ndi mbande! Nazale yonse yagwera ine, amene ndinkangodziwa kuthirira ndi kusekerera makasitomala.

21 Okutobala
Kwabwera a Chipewa, aja akutsegula munda wa zipatso. Atenga zonse mvula ikangogwa. Ati, "Mbande za achikulirewa sindifunsa kawiri." Mtima pansi. Mankhwala a bambo, lendi ya malo ano, zonse zikudalira machubu a mbande amenewa.

Mbande iliyonse yatulutsa mphukira ziwiri, ina yonenepa, ina yonyentchera. Madzi ake ati odyetsa zonse? Ndatenga lezala, zonyentcherazo ndadula. Bambo amangomenya ndodo pansi ine ndikugwira ntchito. Kuchimbudzi akana, madzi akana. Matendawa awasandutsa mwana.

3 Novembala
Zikukula ngati zikupikisana. Masamba biriwiri. Koma minga, mayo! Zala zanga mabala okhaokha. Bambo sakudya bwino.

14 Novembala
Bambo anandikoka chovala mpaka ndinawagwiriza kupita nawo kunazale. Anathothola tsamba ndi dzanja lamanzere, kulifikisa, kundiika pamphuno. Mandimu. Ndinathothola lina ndekha. Mandimu. Mzere wonse, mzere winawo, mandimu okhaokha.

Zonenepazo zinali za tsinde lapansi. Zonyentchera zimene ndinadula ndiye anali malalanje. Ntchito yawo yomaliza ndinaiphera pamaso pawo, iwo akumenya ndodo, ine ndikuwafunsa za kuchimbudzi. Ndinakhala pansi pamatope ndi kulira ngati pamaliro. Ndikudzida.

19 Novembala
Ndayesa kumezanitsa ndekha, bambo akundilozera ndi chibwano. Lezala yadya chala. Ngakhale zitagwira, za chaka chino zapita basi.

Mng'ono wanga akuti ndingogulitsa. "Achemwali, mtengo ubala liti? Pofika nthawiyo adzati ndi nthaka yawo." Ndamukalipira. Atachoka ndapeza ndikuwerengera zaka zomwezo. Mapiritsi atsala pansi pa botolo.

27 Novembala
Mitambo. Anthu onse akupempherera mvula, ine ndekha ndikupempha ichedwe. Mulungu andikhululukire.

2 Disembala
Yagwa. Mawa a Chipewa. Ndiwauza zoona, ndatsimikiza. Atenge ngati mandimu pamtengo uliwonse, kapena asiye. Tikadya chiyani sindikudziwa.

3 Disembala
Anabwera ndi lole. Ndinatsegula pakamwa, chotuluka moni yekha. Tinayamba kukweza, ine ndikuti ndinena tikamaliza mzere uno, kenako mzere winawo. Munga unawabaya a Chipewa pachala. Anaima, kuyang'ana mbandeyo nthawi yaitali. Ine sanandifunse. Anapita pakhonde, kuvula chipewa chawocho, kunjuta pafupi ndi mpando.

"Achikulire, minga yachuluka. Ndi malalanje enieni amenewa?"

Bambo anandiyang'ana. Zala zanga zomanga nsanza, mapazi anga amatope. Munthu amene pa moyo wake wonse sanagulitsepo mbande yokayikitsa, ankachita kuitaya kudzala ine ndikudandaula.

Anagwedeza mutu kuvomera.

A Chipewa anaseka, ati, "Basi, mwanena ndinu." Lole yapita. Ndalama zili patebulo, sindinazikhudze. Ndimati ndiwapepese bambo, anangondilozera ndi ndodo kuti nditembenuze mpando, usayang'anenso kunazale.

Ndautembenuza. Akuyang'ana khoma mpaka pano, ndipo ine...